Baissoptera: mafunso ndi mayankho okhudza kachilombo ka khosi lalitali komwe kanatsala m'miyala mokha

Anthu akamva za zamoyo zomwe zinatha kalekale, maganizo amathamangira ku ma dinosaur, zinyama za mafupa aakulu ngati mitanda ya denga. Tsamba lino likunena za kanthu koti mukhoza kukabisa pansi pa chala chanu. Kanakhala nthawi imodzi ndi ma dinosaur, ndipo zomwe kanatisiyira ndi zidindo za mapiko pamiyala yopyapyala komanso mitembo yowerengeka yomwe inamatidwa mu utomoni. Mafunso ali m'munsiwa ndi omwe munthu amafunsa akaona chithunzi chake koyamba, kuphatikizapo ena omwe amabwera pambuyo pake akayamba kukayikira.

Kodi Baissoptera n'chiyani kwenikweni?

Ndi dzina la kagulu ka tizilombo touluka tomwe tinalipo m'nyengo yomwe akatswiri a miyala amaitcha Cretaceous. Nyengoyi inayamba zaka pafupifupi 145 miliyoni zapitazo n'kutha zaka 66 miliyoni zapitazo. Lero kulibe ndi kamodzi komwe kamoyo. Kaguluka kali m'gulu lalikulu lotchedwa Raphidioptera, lomwe pa Chingerezi amati snakefly, ndipo gulu lalikululi lidakalipo: mitundu pafupifupi 260 ikuuluka mpaka pano, yonse kumpoto kwa dziko lapansi.

Mayina a sayansi amayenda awiriawiri, mwachitsanzo Baissoptera martinsoni. Loyambalo lili ngati chiwongo, monga Phiri kapena Banda, ndipo lachiwirilo ndi la mtundu umodzi wokha. Dzina longa chiwongolo akatswiri amati genus, ndipo pansi pa Baissoptera pali mitundu yoposa 15 yomwe inafotokozedwa kale. Pamwamba pake pali banja, Baissopteridae, lomwe nalonso linatha lonse. Mabanja a ma snakefly omwe anapulumuka mpaka lero ndi awiri okha, Raphidiidae ndi Inocelliidae.

Dzina la Chingerezilo likutchula njoka ndi ntchentche. Ndiye ndi chiti pa ziwirizi?

Palibepo. Ntchentche ili ndi mapiko awiri, snakefly ali ndi anayi, oonekera mkati ngati galasi, ndipo akatera amawapinda pamsana ngati denga la nyumba. Za njokazo zinabwera chifukwa cha maonekedwe. Chigawo choyamba cha chifuwa chake n'chachitali kwambiri moti chimaoneka ngati khosi, ndipo kachilomboka kamatha kudzutsa mutu m'mwamba n'kuugwetsa mwadzidzidzi pa chomwe kakufuna kugwira, monga imachitira njoka pojompha. Ajeremani anaona khosi lomwelo n'kukumbukira nyama ina: dzina lawo, Kamelhalsfliege, limanena za khosi la ngamila.

Dzina loti Raphidioptera likuchokera ku mawu awiri a Chigiriki, lina lotanthauza singano, lina phiko. Singanoyo ndi kachubu kakatali komwe kachilombo kakakazi kali nako kumbuyo, koikira mazira m'ming'alu ya khungwa la mtengo. Ambiri akakaona amayesa mbola, koma sikabaya munthu. Carl Linnaeus, katswiri wa zamoyo wa ku Sweden, ndi yemwe analemba dzina loti Raphidia m'chaka cha 1758.

Achibale awo apafupi ena timawadziwa bwino kwathu kuno. Kachilombo kaja kamakumba kadzenje kozungulira m'mchenga wouma mphepete mwa khonde n'kubisala pansi kudikira nyerere kuti itererekeremo, kali m'gulu la Neuroptera, lomwe ndi lachibale ndi ma snakefly.

Anatulukira Baissoptera ndani?

Dzinali analipereka ndi Olga Martynova, katswiri wa ku Russia wa tizilombo takale, m'chaka cha 1961. Analitenga ku malo otchedwa Baissa, m'mbali mwa mtsinje wa Vitim ku Buryatia, kum'mawa kwa nyanja ya Baikal ku Siberia. Pamalopa panali nyanja m'chigawo choyamba cha Cretaceous, ndipo matope a pansi pake anauma n'kukhala miyala yosanjikizana yomwe yatulutsa tizilombo masauzande ambiri. Baissoptera ndiye kuti "phiko la ku Baissa".

Ntchitoyi inali ya pabanja. Mwamuna wake, Andrey Martynov, ndi mmodzi mwa omwe anayambitsa maphunziro a tizilombo ta m'miyala ku Russia, ndipo mu 1925 anali atafotokoza kagulu kena ka ma snakefly akale, Mesoraphidia, kuchokera m'mapiri a Karatau ku Kazakhstan. Iye anamwalira mu 1938. Mayi Martynova anapitiriza ntchitoyo ku Moscow kwa zaka zambiri, ndipo anamwalira mu 1997. Mu 1993 Alexander Ponomarenko anawonjezera mitundu ina ya Baissoptera yochokera ku Baissa komweko.

Nthawi zambiri chimapezeka ndi phiko lokha. Munthu angadziwe bwanji mwini wake?

Funso limeneli ndiye mtima wa ntchito yonse. Phiko la kachilombo lili ndi mitsempha yomwe imaligwira kuti lisapindike, monga nthiti za ambulera. Ina imayenda mulitali kuchokera paphewa kukafika kunsonga, ikumagawika nthambi m'njira. Ina ndi timitsempha tating'ono topingasa tomwe timalumikiza italiitaliyo. Kayalidwe kake sikangochitika mwangozi. Gulu lililonse la tizilombo lili ndi kayalidwe kake, ndipo mtsempha uliwonse waukulu uli ndi dzina lomwe akatswiri a m'mayiko onse amagwirizana. Phiko limakhalanso lolimba kuposa mimba kapena mutu, choncho limachedwa kuwola. N'chifukwa chake pamwala pamapezeka mapiko ambiri kuposa matupi athunthu.

Ma snakefly onse ali ndi kabanga kokhuthala m'mphepete mwa phiko chakunsonga, kotchedwa pterostigma. Kutalika kwa kabangaka, komanso ngati mkati mwake mwadutsa kamtsempha kapena ayi, zimathandiza kusiyanitsa magulu. Mwa amoyowa, a banja la Raphidiidae ali ndi kamtsempha mkati mwa kabangako pomwe a Inocelliidae alibe. Chomwe chimadziwikitsa banja la Baissopteridae ndi kuchuluka kwa mitsempha: nthambi zambiri, timitsempha topingasa tambiri, moti phiko limagawika tizipinda tochuluka kuposa mmene zilili ndi ma snakefly a masiku ano. Mukaika zojambula ziwirizi pamodzi, la lero limaoneka ngati ukonde wa maso aakulu, la Baissoptera ngati wa maso aang'ono.

Njirayi ili ndi msampha wake, ndipo ndi bwino kuunena. Tizilombo tiwiri ta mtundu umodzi tikhoza kusiyana pang'ono mitsempha, ngakhalenso phiko lamanja ndi lamanzere la kachilombo kamodzi. Phiko lakutsogolo ndi lakumbuyo n'zosiyananso, ndipo akagonerana pamwala mitsempha ya onse awiri imaoneka ngati ya phiko limodzi. Munthu wopupuluma akhoza kupereka mayina awiri kwa mtundu umodzi. Ichi n'chifukwa chake mayina a ma snakefly akale amasinthasintha: wina amafotokoza mtundu pansi pa chiwongo china, pakapita zaka wina n'kuunikanso mwala womwewo ndi makina abwinoko n'kuusamutsa. Mukapeza mabuku awiri akutchula chiwerengero chosiyana cha mitundu ya Baissoptera, musadabwe, gwero lake ndi limeneli.

Kupatula ku Siberia, kanapezekanso kuti?

Ku China, m'chigawo cha Liaoning, m'miyala yotchedwa Yixian ya zaka pafupifupi 125 miliyoni. Ndi miyala yomweyo yomwe inatchuka chifukwa cha ma dinosaur a nthenga. Ren Dong anafotokoza Baissoptera liaoningensis mu 1994, ndipo mitundu ina inatsatira. Kumeneko kunali nyanja zingapo pakati pa mapiri ophulika, ndipo phulusa lake linkakwirira zamoyo mofulumira.

Ku Brazil, m'boma la Ceará kumpoto chakum'mawa kwa dzikolo, m'miyala ya laimu yotchedwa Crato, ya zaka pafupifupi 113 miliyoni. John Oswald anafotokoza Baissoptera brasiliensis mu 1990. Miyala ya kumeneko imasendeka mapalemapale, ndipo anthu a m'madera a Nova Olinda ndi Santana do Cariri amaikumba kuti azigulitsa ngati matailosi oyala pansi ndi pakhoma. Zambiri mwa zidindo zokongola zomwe zili m'nyumba zosungira zakale zinayamba kuonedwa ndi anthu ogwira ntchito m'migodi imeneyi, ngakhale mayina awo salembedwa paliponse.

Ndiye pali Myanmar. Kumpoto kwa dzikolo, m'chigwa cha Hukawng m'boma la Kachin, amakumba amber, utomoni wa mitengo yakale womwe unauma ngati mwala, wa zaka pafupifupi 99 miliyoni, ndipo mu 2020 akatswiri a ku China anafotokoza mitundu ingapo ya Baissoptera yopezeka mmenemo, kuphatikizapo Baissoptera burmana. Mukaika malo anayiwa pamapu, muona kuti kagulu kamodzi kanafalikira kuchokera ku Siberia mpaka ku South America, ndipo kanakhalapo kwa zaka mamiliyoni ochuluka.

Kachilombo kofewa chonchi kangasungike bwanji zaka zonsezi?

Njira zake ndi ziwiri. Yoyamba ndi ya matope. Kachilombo kagwera m'madzi, n'kumira kasanadyedwe ndi nsomba, n'kukafika pansi pomwe palibe mpweya wokwanira woti tizilombo toola zinthu tigwire ntchito. Matope osalala akakuta, ena n'kubwera pamwamba chaka ndi chaka mpaka kulemera kwake kusandutsa zonsezo mwala. Mwalawo ukang'ambidwa pakati, kachilomboka kamaoneka mbali zonse ziwiri ngati duwa lomwe linaiwalika m'buku. Ku Crato pansi pa madzi panali mchere wambiri ndi mpweya wochepa, ndipo tizilombo ta kumeneko tinasungika bwino moti tina sitinaphwatalale n'komwe.

Yachiwiri ndi ya utomoni. Aliyense amene anatcherako mbalame ndi ulimbo akudziwa mmene zimakhalira. Mtengo ukavulala umatulutsa utomoni, kachilombo n'kukakamira, utomoni wina n'kuyenderera pamwamba. Utomoniwo ukakwiririka m'nthaka kwa zaka mamiliyoni umauma n'kukhala amber, wooneka ngati uchi woundana. Mmenemo mumaoneka chilichonse: maso, tinyanga, zikhadabo, ngakhale ubweya wa pamiyendo. Vuto lake n'lakuti utomoni umagwira kwambiri tizilombo tating'ono, takutitakuti timadzipulumutsa. Snakefly wina wa mu amber wa ku Myanmar, Nanoraphidia electroburmica, yemwe Michael Engel anamufotokoza mu 2002, phiko lake limangopitirira pang'ono mamilimita 4.

Zaka mamiliyonizi amaziwerenga bwanji? Si zongopeka?

Chomwe amayeza ndi mwala womwe wasunga kachilomboko, makamaka phulusa la mapiri ophulika lomwe lili m'mizere ya mwalawo. M'phulusamo mumakhala timiyala tating'onoting'ono totchedwa zircon. Timiyalati tikamapangika timatsekera yureniyamu mkati, yemwe uja wa kumgodi wa Kayelekera, koma sitilola mtovu kulowa. Yureniyamu amasanduka mtovu pang'onopang'ono pa liwiro lomwe linayezedwa ndipo silisintha. Choncho mtovu wopezeka mkatimo lero unapangika momwemo, ndipo kuchuluka kwake poyerekeza ndi yureniyamu wotsala kumapereka zaka. Zaka 99 miliyoni za amber wa ku Myanmar zinapezeka mwa njira imeneyi mu 2012. Pomwe palibe phulusa lotere amayerekeza ndi mungu wa zomera kapena tizigoba topezeka m'mizere yomweyo, ndipo pamenepo zaka zimakhala zongoyandikira. N'chifukwa chake pa malo ngati Crato mawu oti "pafupifupi" ndi ofunika kuwasunga.

N'chifukwa chiyani za ku Brazil ndi ku Myanmar zili nkhani yaikulu?

Chifukwa ma snakefly onse amoyo lero ndi a kozizira, ndipo kuzizirako sikuti amangokupirira ayi, amakufuna. Mphutsi yake imakhala pansi pa khungwa kapena m'zinyalala za pansi pa mitengo, kawirikawiri kwa zaka ziwiri kapena zitatu, ikumafundula kakhumi kapena kuposa. Kuti imalize kukula n'kumera mapiko, iyenera kudutsa m'nyengo yachisanu, kuzizira kofika pafupi ndi pomwe madzi amaundana. Ofufuza akazisunga m'chipinda chofunda chaka chonse, mphutsizo zimasokonekera: zina zimayamba kumera timapiko tosakwanira ndi maso a kachilombo kakakulu thupi lidakali la mphutsi, ndipo zimafa zisanafike pokhwima.

Mapu a komwe amapezeka akugwirizana ndi zimenezi. Ali ku Ulaya, m'madera ambiri a Asia, ndi kumadzulo kwa North America. Akamayandikira kotentha amakwera mapiri: ku America malire awo akummwera ndi mapiri a kumalire a Mexico ndi Guatemala, ku Asia ndi mapiri ngati a kumpoto kwa Thailand. Ku South America kulibe, ku Australia kulibe.

Tsono Crato inali pafupi ndi equator ngakhale nthawi imeneyo, dera lotentha ndi louma. Amber wa ku Myanmar anachokera m'nkhalango yotentha ya mvula yambiri. Kumalo onse awiriwa chisanu choundanitsa madzi kunalibe, koma Baissoptera analiko, ndipo sanali yekha, chifukwa magulu ena a ma snakefly anapezekanso komweko. Tanthauzo lake n'lakuti kufuna chisanu si chikhalidwe cha gulu lonse kuyambira pachiyambi. Ndi chikhalidwe cha nthambi ziwiri zomwe zinatsala. Munthu amene angaone amoyo okhawa n'kunena kuti ma snakefly ndi tizilombo ta kozizira, ali ngati mlendo amene wafika pamudzi anthu onse atapita kumaliro, n'kupeza agogo awiri pakhonde, n'kumakauza anzake kuti mudzi umenewo ndi wa nkhalamba zokhazokha.

Ma snakefly akale kwambiri odziwika ndi a kumayambiriro kwa nyengo ya Jurassic, yomwe inalipo Cretaceous isanayambe, ena mwa iwo ochokera m'miyala ya ku Charmouth kummwera kwa England. Gululi linafika pachimake m'nyengo za Jurassic ndi Cretaceous. Zomwe tikuona lerozi ndi zotsalira chabe.

Nanga ku Africa kuno analiko?

Amoyo ali kumpoto kwenikweni kokha, m'mapiri a Morocco ndi Algeria. Kummwera kwa chipululu cha Sahara kulibe.

Za kalelo, taganizirani izi. Nthawi yomwe matope a Crato ankasanjikizana, South America ndi Africa zinali zikungoyamba kulekana, ndipo kumpoto chakum'mawa kwa Brazil ndi komwe kunachedwa kwambiri kusiyana ndi West Africa. Nyanja ya Atlantic pamenepo inali isanakule. Choncho Baissoptera wa ku Brazil ankakhala pakhomo penipeni pa Africa. M'chigawo chomwecho cha Cretaceous, ku Karonga kunkayenda Malawisaurus, dinosaur wa khosi lalitali yemwe mafupa ake anakumbidwa kumeneko ndipo chifanizo cha mafupawo chaimikidwa m'nyumba yosungira zakale ya ku Karonga. Koma miyala ya ku Karonga yambiri ndi ya mchenga wa m'mitsinje, womwe umasunga bwino mafupa ndi mano n'kupera mapiko a tizilombo. Tizilombo timafuna matope osalala a m'madzi odekha, ngati omwe anadzaza chigwa cha phiri lophulika ku Orapa m'dziko la Botswana, komwe mgodi wa diamondi unavundukula tizilombo tambiri ta nyengo ya Cretaceous.

Chinawatha n'chiyani?

Yankho lomwe limamveka kwambiri ndi la Horst Aspöck ndi Ulrike Aspöck a ku Vienna, banja lomwe lathera moyo wake wonse pa ma snakefly. Zaka 66 miliyoni zapitazo chimwala chochokera kumwamba, chotalika pafupifupi makilomita 10, chinagwa pomwe lero pali Chicxulub ku Mexico. Fumbi ndi utsi zinaphimba dzuwa, dziko linazizira mwadzidzidzi, nkhalango zinafa. Maganizo a a Aspöck ndi akuti ma snakefly a kotentha sanapirire, ndipo omwe anapulumuka ndi omwe anali atazolowera kale chisanu, mphutsi zawo zili zobisika pansi pa makungwa. Ana a opulumukawo ndi omwe tili nawo lero, ndipo sanabwererenso kotentha.

Maganizowa ndi omveka, koma pali mwala umodzi womwe umawavutitsa. Ku Florissant, m'boma la Colorado ku United States, kuli miyala ya pansi pa nyanja yakale ya zaka 34 miliyoni. Samuel Scudder anafotokoza snakefly wina wa kumeneko mu 1890, yemwe pano amatchedwa Dictyoraphidia veterana. Mu 2014 Vladimir Makarkin ndi Bruce Archibald ataunikanso ma snakefly a ku Florissant anapeza kuti ameneyu ndi wa banja la Baissopteridae. Ngati zili choncho, banjali linadutsa tsoka la chimwala lija n'kukhalapobe zaka zina zoposa 30 miliyoni. Kagulu ka Baissoptera penipeni kamathera mu Cretaceous malinga ndi miyala yomwe ilipo, koma abale ake anapitirira.

Ine ndimaona kuti chimwalacho chinagwetsa nthambi zambiri, koma chomwe chinamaliza banjali chinabwera pang'onopang'ono. Zaka 34 miliyoni zapitazo ndi nthawi yomwenso dziko linayamba kuzizira kwambiri, madzi oundana n'kuphimba Antarctica, nyengo yotentha ndi yozizira n'kuyamba kusiyana kwambiri m'madera a kumpoto. Amenewa ndi maganizo chabe. Mwala wina ukhoza kutuluka mawa n'kuwasintha, monga mmene wa Scudder unakhalira m'kabati zaka zoposa 120 usananene zomwe unali nazo.

Ku Florissant komweko kuli chinthu china chomwe chimandisangalatsa kuposa zonse. M'miyala yomweyo munapezeka kashembe, ntchentche ija imafalitsa matenda a kaodzera ndi kupha ng'ombe. Lero kashembe ndi wa ku Africa, ku America kulibiretu. Ndiye m'mphepete mwa nyanja imodzi munkauluka kashembe ndi snakefly limodzi, kenako wina anatsalira kotentha kwathu kuno, wina kozizira kumpoto.

Baissoptera ankadya chiyani? Akanatiluma?

Apa timadalira abale ake amoyo, poti maumbidwe a thupi ndi ofanana kwambiri. Mphutsi za ma snakefly zimasaka tizilombo tofewa: nsabwe za zomera, mazira ndi mphutsi za tizilombo tina, ndi tina totero topezeka m'makungwa. Akuluakulu a banja la Raphidiidae nawonso amadya nsabwe za zomera, ndipo nthawi zina mungu. Zikamwa zawo ndi zotafunira. Sayamwa magazi, alibe ululu, safalitsa matenda. Kachubu koikira mazira kamaoneka pa zidindo zina zakale, kusonyeza kuti kaikidwe ka mazira m'ming'alu n'kakalekale.

Pali tizinthu tiwiri todabwitsa pa amoyowa. Mphutsi imatha kuthamanga chobwerera m'mbuyo mwaliwiro. Ndipo pa msinkhu uja mbozi imangogona osagwedezeka podikira kusanduka gulugufe, snakefly ikatsala pang'ono kutuluka imadzuka n'kuyenda, ndipo imatha kuluma.

Pa Mulanje ndi pa Nyika pamazizira mpaka udzu kuyera ndi chisanu. Bwanji kulibe?

Kuzizira kokha sikukwanira, kachilombo kayeneranso kufikako. Ma snakefly sauluka patali. Amathera nthawi yambiri akuyenda panthambi, ndipo mitundu yambiri imapezeka m'dera laling'ono, ina paphiri limodzi lokha. Kuchokera kumapiri a Morocco kudzafika pa Sapitwa pali chipululu cha Sahara ndi zigwa zotentha za makilomita masauzande, komwe mphutsi singamalize kukula. Palibe popumira panjira.

Ndinaonapo kachilombo ka khosi lalitali ndi mapiko oonekera mkati pafupi ndi nyale usiku. Sikameneka?

Ngati munakaona ku Malawi, Zambia kapena Mozambique, ayi. Yang'anani miyendo yakutsogolo. Ngati ndi yopindika, yaminga, yogwirira nyama, ndiye kuti ndi chiswamphika chaching'ono kapena kachilombo ka banja la Mantispidae, komwe kamafanana ndi chiswamphika koma mapiko ake ndi a ukonde. A Mantispidae miyendo yogwirirayo imamera kutsogolo kwa khosi, pafupi ndi mutu. Snakefly miyendo yake yonse isanu ndi umodzi ndi yoyendera, ndipo yakutsogolo imamera kumunsi kwa khosi, khosilo n'kutsala lopanda kanthu.

Miyala imeneyi mwini wake ndani? Ndi yololedwa kugula?

Apa nkhani ya tizilombo imasanduka ya anthu. Ku Brazil lamulo la 1942 limati zotsalira za zamoyo zakale ndi chuma cha dziko, ndipo kuzikumba kumafuna chilolezo cha boma. Ngakhale zili choncho, miyala yambiri ya ku Crato inatuluka m'dzikolo n'kukathera m'nyumba zosungira zakale za ku Ulaya, America ndi Japan, moti wophunzira wa ku Ceará amayenera kukwera ndege kuti akaone zomwe zinakumbidwa kwawo. Mkangano unafika poyera ndi dinosaur wamng'ono wotchedwa Ubirajara, yemwe anafotokozedwa mu 2020 mwala wake uli ku Karlsruhe m'dziko la Germany. Akatswiri a ku Brazil anachita phokoso pa intaneti ndi m'manyuzipepala, nkhani yofotokoza nyamayo inachotsedwa, ndipo mu 2023 mwalawo unabwezedwa. Pano uli ku Santana do Cariri. Anzathu a ku Zambia nkhani yotere akuidziwa: chigaza cha munthu wakale chomwe chinapezeka mumgodi ku Kabwe mu 1921 chidakali ku London.

Za ku Myanmar n'zowawa kuposa apa. Migodi ya amber ili m'dera lomwe asilikali a boma akhala akumenyana ndi gulu la Kachin Independence Army. Mu June 2017 asilikali a boma analanda dera la migodiyo, anthu ambiri n'kuthawa m'midzi yawo. Amber wambiri amawolotsedwa malire kupita kumsika wa ku Tengchong m'dziko la China, komwe amagulitsidwa ngati mwala wa zokongoletsera, ndipo ofufuza amagula komweko. Mu April 2020 bungwe la akatswiri a mafupa a nyama zakale lotchedwa Society of Vertebrate Paleontology linapempha magazini a sayansi kuti asamasindikize kafukufuku wa amber yemwe anagulidwa kuchokera mu June 2017. Ena anatsatira, ena anatsutsa ponena kuti ofufuza akasiya kugula, zinthu zofunikazo zingothera m'mikanda ndi m'mphete. Mfundo yachiwiriyi ili ndi mbali yoona, koma kwa ine siyankha funso loti ndalamazo zikupita m'thumba la ndani. Chomwe chasintha n'chakuti masiku ano wolemba za kachilombo ka mu amber wa ku Myanmar amayembekezeredwa kunena chaka chomwe mwalawo unagulidwa ndi komwe ukusungidwa.

Ndili ku Britain. Ndingamuone kuti snakefly wamoyo?

Muli ndi mwayi womwe ife kuno tilibe. Ku Britain kuli mitundu inayi, ndipo yonse ndi ya banja la Raphidiidae. Nthawi yake ndi kuyambira May mpaka July, m'nkhalango za mitengo ya oak ndi paini. Vuto n'lakuti akuluakulu amakonda kukhala pamwamba penipeni pa mitengo, choncho anthu ambiri obadwira komweko sanawaonepo. Pitani m'mawa kukacha pambuyo pa mphepo yamkuntho, muziyang'ana pamasamba a m'munsi, pamipanda yamatabwa ndi pathunthu la mtengo pomwe pakuwomba dzuwa. Thupi lake ndi lakuda monyezimira, lotalika sentimita imodzi kapena kupitirira pang'ono. Mukamupeza mujambuleni cham'mbali, phiko lionekere bwino, chifukwa wodziwa akafuna kukuuzani mtundu wake adzayamba kuwerenga tizipinda ta pansi pa kabanga kaja.